Kakazingidwe ka chidali cha nkhukundembo chokutira ndi nyenyeswa za buledi

Chidali cha nkhukundembo ndi nyama yopanda mafuta kwenikweni. N'chifukwa chake chimayamikiridwa kuti n'chabwino m'thupi, komanso n'chifukwa chomwecho chimavuta pamoto. Nyama yonona ngakhale ichedwe pachiwaya, mafuta ake amaisunga yofewa. Chidali ayi. Chikangopitirira mphindi ziwiri chimauma gwa, munthu n'kumatafuna ngati akudya chiguduli. Kuchidula mopyapyala n'kuchikutira ndi ufa, dzira ndi nyenyeswa za buledi ndi njira yoti chipse msanga, madzi ake asanathawe. Ku Austria ndi ku Germany chakudya chophika chotere amachitcha Schnitzel. Chotchuka cha ku Vienna, likulu la Austria, chimakhala cha nyama ya mwana wa ng'ombe, pomwe cha nkhukundembo amachitcha Putenschnitzel.

Za anthu 4 mufunika magalamu 600 a chidali chopanda khungu ndi mafupa, magalamu 50 a ufa wa tirigu, mazira 2, magalamu 120 a nyenyeswa za buledi zouma, supuni yaing'ono imodzi yosadzaza ya mchere, tsabola wakuda wopera, ndimu imodzi, ndi mafuta ophikira mamililita 250 mpaka 400 malinga ndi kukula kwa chiwaya chanu. Adyo wa ufa ndi paprika (ufa wa tsabola wofiira) ndi zoonjezera chabe, mukasowa musadandaule. Werengani zolembedwa papaketi ya nyama musanathire mchere. Nkhukundembo zina amazigulitsa atazibaya kale madzi amchere kuti zisaume, ndiye ikakhala yotero chepetsani mchere wanu ndi theka.

Kudula ndi kuphwanya

Ntchito yaikulu ili pano, si pamoto ayi. Chidali cha nkhukundembo n'chachikulu ndipo sichifanana makulidwe: mbali ina n'chokhuthala, mbali ina n'chosongoka. Chiikeni pathabwa, muyang'ane kumene mizere ya nyama yalowera, ndipo dulani mopingasa mizereyo, mpeni mutaupendeketsa pang'ono kuti zidutswa zituluke zotambalala. Mukadula motsata mizere, ulusi wa nyama umatsala wautali ndipo chidutswacho chimalimba ngakhale mutachiphika bwino chotani. Dulani zidutswa 8 za magalamu 75 chilichonse, zokhuthala pafupifupi sentimita imodzi ndi theka. Nyama ikamaterera pampeni, iikeni mufiriza kwa mphindi 20 kuti ilimbeko, idzadulika mosavuta. Ngati pali kachigawo kakang'ono ka pansi pa chidali kokhala ndi mtsempha woyera pakati, chotsani mtsemphawo. Sufewa pamoto, ndipo umakoka nyama n'kuipinda.

Tsopano ikani chidutswa chimodzi pakati pa mapepala awiri a pulasitiki, muchiphwanye ndi kanyundo ka nyama, mbali yake yosalala. Pansi pa kapoto kolemera pamagwiranso ntchito yomweyo. Yambani pakati muzipita m'mbali, mukumenya motsetsereka ngati mukufuna kuitambasula nyamayo, osati kuiboola. Cholinga n'choti chidutswa chonse chikhale mamilimita 6 mpaka 8 paliponse. Kupyapyala kofanana n'kofunika kuposa kupyapyala kwambiri. Chidutswa chokhala sentimita imodzi pakati koma mamilimita 3 m'mbali chidzauma m'mbalimo pakati pasanapse. Mukapyapyalitsa kupitirira mamilimita 4 nyama imang'ambika, ndipo pakudya mumangomva buledi ndi mafuta basi.

Wazani mchere ndi tsabola mbali zonse ziwiri, muike mufiriji kwa mphindi 30. Poyamba mchere umatulutsa timadzi pamwamba pa nyama, kenako umasungunuka n'kulowa mkati, ndipo umathandiza nyamayo kusunga madzi ake ikafika pamoto. Mukathira mchere n'kukutira nthawi yomweyo, timadzi tija timatulukira pansi pa ufa, chikutiro n'kumatuka. Choncho dikirani, kenako pukutani chidutswa chilichonse ndi pepala la kukhitchini mpaka chiume ndithu.

Musatsuke nyamayi pampopi. Nyama yaiwisi ya nkhuku ndi nkhukundembo imatha kukhala ndi mabakiteriya a Salmonella ndi Campylobacter, ndipo madzi sawapha, amangowamwaza musinki, pambale zotsukidwa kale ndi pamasamba omwe mudye osaphika. Chowapha ndi moto. Thabwa, mpeni ndi manja, zitsukeni ndi sopo mukangomaliza kudula.

Mbale zitatu

Ndandalikani mbale zitatu zotambalala: ya ufa, ya mazira, ya nyenyeswa. Chilichonse chili ndi ntchito yake. Dzira silimata panyama yonyowa, limangoterereka, koma paufa limamata. Nyenyeswa nazonso sizimata paufa wouma, zimafuna dzira. Mukadumpha chimodzi mwa zitatuzi, chikutiro chimatsala m'chiwaya.

Mazira muwamenye ndi foloko pamodzi ndi supuni yaikulu imodzi ya madzi kapena mkaka, mpaka choyera chisaonekenso ngati chingwe mukakweza foloko. Choyera chosamenyeka bwino chimagwira malo ena n'kusiya malo ena poyera. Adyo wa ufa ndi paprika muziike mu ufa kapena m'mazira, osati mu nyenyeswa, chifukwa zikakhala kunja zimakhudza mafuta otentha mwachindunji n'kupserera, ndipo adyo wopserera amawawa.

Gubuduzani chidutswa mu ufa, kenako chikutumuleni mpaka patsale kafumbi kokha. Ufa wochuluka ndiwo umalakwitsa anthu ambiri: umasanduka phala pakati pa nyama ndi dzira, ndipo mukadzadula ndi mpeni chikutiro chonse chimavuka ngati malaya. Viikani m'dzira, chikwezeni masekondi angapo kuti dzira lotsala lidonthe, ndiye chigonekeni mu nyenyeswa, muwazenso zina pamwamba n'kusindikiza ndi chikhatho pang'onopang'ono. Dzanja limodzi lizigwira zouma, lina zonyowa. Mukapanda kutero, pofika chidutswa chachitatu zala zanu zidzakhala zitavala chikutiro chokhuthala kuposa cha nyama.

Za nyenyeswazo tinenepo pang'ono. Zogula m'paketi zosalala kwambiri zimapereka chikutiro chopyapyala chofanana paliponse. Panko, nyenyeswa zochokera ku Japan, ndi zazikuluzikulu ndi zopepuka, ndipo zimakukutika bwino kuposa zonse. Zodzipangira nokha sizichepa kanthu: dulani buledi wogona, mumuumitse mu uvuni pa madigiri 120 kwa mphindi 20 mpaka 30 osalola kuti afiire, kenako mumupere. Buledi wotsekemera, wa shuga wambiri, musamugwiritse ntchito, amada nyama isanapse. Ena amasakaniza magalamu 30 a tchizi cha Parmesan mu nyenyeswa. Zimakoma, koma tchizi chimafiira msanga komanso chimabwera ndi mchere wake.

Zidutswa zokutidwa ziikeni pathireyi osasanjikiza, zikhale mphindi 10 mpaka 15. Nthawi imeneyi ufa umamwa dzira ndipo chikutiro chimagwirana. Ophika a ku Vienna satero. Iwo sasindikiza nyenyeswa ndipo amakazinga nthawi yomweyo m'mafuta ambiri kuti chikutiro chifufume, chitalikirane ndi nyama. Kumeneko ndi kuphika kwina kofuna dzanja lozolowera. Amene akuyamba kumene asindikize ndi kudikira. Koma musasiye mufiriji usiku wonse, nyenyeswa zimanyowa.

Pamoto

Tengani chiwaya chokhuthala pansi, cha masentimita 26 kapena 28, chifukwa chopyapyala chimatentha malo amodzi n'kuzizira msanga mukaikamo nyama. Thirani mafuta ofika theka la sentimita mpaka sentimita imodzi kuya kwake, oti afike pakati pa chidutswa. Apa ambiri amaumira poganiza kuti mafuta ochepa ndiwo abwino m'thupi. Zotsatira zake nyenyeswa zimakhudza chitsulo n'kupserera madonthomadontho, malo ena n'kutsala oyera, ndipo timafuta tochepato timatherabe mu buledi. Mafuta a mpendadzuwa, a canola kapena a mtedza ndi oyenera chifukwa amapirira moto. Batala yekha amapserera asanafike pa kutentha kofunika. Ngati mukufuna fungo lake, ponyanimo kachidutswa mphindi yomaliza.

Mafuta atenthe madigiri 170 mpaka 180. Wopanda choyezera aponyemo kachidutswa ka buledi: kazunguliridwe ndi tithovu nthawi yomweyo, ndipo kafiirire pakatha pafupifupi mphindi imodzi. Kakamira n'kungokhala duu, mafuta sanatenthe. Kakada m'masekondi 15, kapena mafuta akayamba kufuka utsi, chotsani chiwaya pamoto chizizireko.

Kutenthaku kumachita zinthu ziwiri. Kumasandutsa madzi a m'chikutiro nthunzi, ndipo tithovu mukuwona tija ndi nthunziyo ikutuluka. Ikamatuluka mwamphamvu, mafuta amavutika kulowa mkati. Kumafiiritsanso nyenyeswa, ndipo kufiirako ndiko kumabweretsa fungo ndi kukoma. M'mafuta ofunda chabe, chikutiro chimachedwa kuuma, chimakhalitsa m'mafutamo n'kutuluka cholefuka, chonona, pomwe nyama mkati yauma kale chifukwa chochedwa. M'mafuta otenthetsa, kunja kumada bii mkati mukadali mwaiwisi.

Gonekani chidutswa m'mafuta mochitalikitsa kwa inu kuti akathovoka asakupsereni. Ikani ziwiri kapena zitatu zokha nthawi imodzi, zisakhudzane. Nyama yozizira imatsitsa kutentha kwa mafuta, ndipo mukadzaza chiwaya simukukazinganso koma mukuwiritsa. Mphindi yoyamba musachigwedeze ndi foloko, dzira likadagwira. Mutha kungopendeketsa chiwaya pang'ono kuti mafuta aziyenda pansi pa nyama. Pakatha mphindi 2 mpaka 3, m'mbali mukafiirira, tembenuzani kamodzi kokha, mukazinge mbali inayo mphindi 2. Gwiritsani chopanira kapena chotembenuzira chafulati. Foloko imaboola chikutiro, madzi a nyama n'kutulukira m'mafuta.

Nkhukundembo yapsa ikafika madigiri 74 mkati. Choyezera mulowetse cha m'mbali kuti nsonga yake ikhale pakati pa nyama, chifukwa mukabaya kuchokera pamwamba imapyola n'kukayeza mafuta. Mtundu wa nyama si umboni wodalirika: nkhukundembo imatha kuoneka yofiirirako pang'ono ngakhale itapsa bwinobwino, ndipo anthu ambiri amaiumitsa pofuna kuthamangitsa kufiirirako. Ngati mulibe choyezera, dulani chidutswa chimodzi pomwe pakhuthala. Nyama ikhale yolimba, yosanyezimira ngati yaiwisi, ndipo madzi ake akhale oyera. Chidutswa cha mamilimita 8 chomwe chafiira bwino mbali zonse m'mafuta otentha moyenera nthawi zambiri chimakhala chapsa, ndipo ichi ndicho chifukwa tinalimbikira zophwanya zija.

Mukavuula, chigwireni choimirira masekondi angapo mafuta adonthe, kenako chiikeni pa waya woika pamwamba pa thireyi. Mafuta ambiri amalowa m'chikutiro chakudya chikayamba kuzizira, pamene nthunzi yasiya kukankha, ndiye omwe mwawachotsa m'masekondi oyambawa ndi omwe simuwadya. Pepala la kukhitchini limamwa mafuta, inde, koma mukachisiya pamenepo nthawi yaitali nthunzi imanyowetsa pansi pake. Musasanjikize ndipo musavundikire. Musanaike gulu lachiwiri, vuulani nyenyeswa zotsala m'mafuta ndi kasefa, apo ayi zipserera n'kumata pazidutswa zotsatira ngati timakala towawa. Dikiraninso mphindi imodzi mafuta atenthenso. Zoyamba zija zisungeni mu uvuni wa madigiri 100 zisazizire.

Mafuta akagwira moto, zimitsani chitofu n'kuvundikira chiwaya ndi chivundikiro chachitsulo. Musathire madzi ngakhale pang'ono.

Ndimu mufinyire pambale, pomwe mukudya. Mukafinyira kale, chikutiro chimalefuka.

Mu uvuni zimathekanso, ngakhale kunena zoona sizifika pa zokazinga. Vuto lake n'lakuti nyama yopyapyala imapsa nyenyeswa zisanafiire. Njira yake ndi kukazinga kaye nyenyeswazo pachiwaya ndi supuni zazikulu ziwiri za mafuta, mukutakasa mpaka zifiirire, zizizire, kenako n'kukutira nyama monga mwa masiku onse. Ikani pa waya mu uvuni wa madigiri 220 kwa mphindi 12 mpaka 15, mutembenuze pakati pa nthawiyo. Mu air fryer, chipangizo chamagetsi chophika ndi mpweya wotentha, pa madigiri 200, mphindi 8 mpaka 10 zimakwana mutazipaka mafuta pang'ono mbali zonse. Pomwe mafuta sanafike pamatsala mbuu.

Zomwe thupi limapeza

Magalamu 100 a chidali chaiwisi chopanda khungu ali ndi makalori pafupifupi 114, mapuloteni magalamu 24, mafuta galamu imodzi ndi theka, ndipo alibe sitachi. Gawo la munthu mmodzi pa kaphikidwe kathuka ndi magalamu 150, kutanthauza makalori 170 ndi mapuloteni magalamu 35 kuchokera ku nyama yokha. Munthu wamkulu amafunika mapuloteni pafupifupi magalamu 0.8 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, ndiye wolemera makilogalamu 60 amafunika pafupifupi magalamu 50. Zidutswa ziwiri zimamupatsa gawo lalikulu la zimenezo, ndipo ndi mapuloteni okwanira bwino, okhala ndi zonse zomangira thupi zomwe thupilo silingapange lokha.

Nyamayi ili ndi vitamini B3 wambiri, pafupifupi mamiligalamu 10 pa magalamu 100, pomwe munthu wamkulu amafunika 14 mpaka 16 patsiku. Ilinso ndi B6 wochuluka ndi B12, omwe amathandiza magazi ndi mitsempha, komanso seleniyamu, fosifolasi ndi zinki. Ayironi ndiye ndi wochepa, safika miligalamu imodzi pa magalamu 100. Amene akufuna nyama yoonjezera magazi apeza zambiri mu ntchafu ya nkhukundembo yomweyo kapena mu nyama ya ng'ombe. Faiba ndi vitamini C mulibe, n'chifukwa chake mbale imeneyi imafuna saladi kapena masamba ophika pambali pake.

Tsono chikutiro chimasintha masamu onsewa. Si ufa wonse ndi mazira onse omwe amamata panyama, koma tiyerekeze kuti munthu mmodzi wadya magalamu 8 a ufa, gawo la dzira losafika theka, ndi magalamu 25 a nyenyeswa. Ufa ndi makalori 30, dzira 30, nyenyeswa pafupifupi 100. Pamenepo tafika 330. Chotsala ndi mafuta, ndipo ndiwo olemera pa zonse: galamu imodzi ya mafuta ndi makalori 9, pomwe ya puloteni kapena ya sitachi ndi 4. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ndi makalori 120. Zidutswa ziwiri zikamwa supuni imodzi, gawo lonse ndi makalori pafupifupi 450, mapuloteni magalamu 40, sitachi magalamu 25, mafuta pafupi ndi magalamu 20. Zikamwa supuni ziwiri chifukwa chosadonthetsa kapena chikutiro chokhuthala, mwafika 570. Za mu uvuni, momwe supuni ziwiri zagawidwa kwa anthu 4, zimakhala pafupi ndi 390.

Onani kuti nyama yokha inali 170, ndipo zoposa theka la makalori a mbaleyi zachokera ku chovala chake. Izi sizikutanthauza kuti chakudyachi n'choipa. Zikungosonyeza pomwe mungachepetse ngati mukufuna: kukutumula ufa, kudonthetsa dzira, kusakutira kawiri, kudonthetsa mafuta. Kukula kwa zidutswa nakonso kumawerengedwa. Nyama yomweyo mukaidula tizidutswa ting'onoting'ono tambiri, malo omatapo buledi amachuluka, mafuta nawonso amachuluka.

Mchere ndi wofunika kuusamala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku. Supuni yaing'ono yomwe tathira ija ndi pafupifupi magalamu 5, ndiye aliyense mwa anthu 4 walandira kupitirira galamu imodzi. Nyenyeswa za buledi zili ndi mchere wake, makamaka zogula zothira kale zokometsera, ndipo zonse pamodzi zimafika pafupi ndi magalamu 2 pa munthu. Odwala matenda othamanga magazi athire theka, agwiritse nyenyeswa zopanda zokometsera, ndipo ndimu ndi tsabola zikwaniritse kukoma. Odwala shuga awerengere sitachi ya chikutiro pamodzi ndi ya chakudya china chomwe chili pambale. Amene thupi lawo limadana ndi guluteni, puloteni yopezeka mu tirigu, agwiritse ufa wa mpunga kapena wa chimanga wosalala m'malo mwa wa tirigu, ndi nyenyeswa za buledi wopanda guluteni.

Pali mbiri yoti nkhukundembo imagonetsa tulo chifukwa cha tryptophan, chimodzi mwa zinthu zopanga mapuloteni. Ilimodi, koma pamlingo wofanana ndi wa nkhuku ndi nyama zina. Tulo timabwera chifukwa cha kukhuta.

Kusunga

Nyama yaiwisi isapitirire masiku 2 mufiriji yozizira madigiri 4 kapena kutsika. Youma ndi chisanu muisungunulire mufiriji momwemo, osati patebulo. Ufa, mazira ndi nyenyeswa zotsala m'mbale zitatu zija zakhudzana ndi nyama yaiwisi, zitayeni, ndipo n'chifukwa chake ndi bwino kuthira nyenyeswa m'mbale pang'onopang'ono m'malo mokhuthula paketi yonse. Zophika zisakhale panja kupitirira maola 2, ndipo mufiriji zimakhala masiku 3 mpaka 4. Potenthetsanso, uvuni wa madigiri 200 kwa mphindi 8 mpaka 10 umabwezeretsa kukukutika kuja. Maikirowevu imafewetsa chikutiro n'kulimbitsa nyama.

Ngati mukufuna kukonzeratu zambiri, kutirani zidutswa, muziyale pathireyi mufiriza mpaka ziume gwa, kenako muziike m'thumba mutalekanitsa ndi pepala. Pophika musazisungunule, chikutiro chinganyowe. Sasani chisanu chomwe chili pamwamba kuti mafuta asathovoke, tsitsani moto pang'ono kufika madigiri 165, muonjezere mphindi imodzi kapena ziwiri mbali iliyonse, ndipo yezani mkati ngati mwafika 74.